Liwu la Pikapu Yanga Lili ku Limbe

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba loyamba la mwezi wa Juni chaka chathachi, chiperoni chitakuta minda yonse ya tiyi. Ndinalilemba pamanja, kaboni ali pansi pake, ndipo ndinakalipereka ndekha kwa mlembi wa gulu lathu la okonda magalimoto akale. Anasaina pakona kuti alandira. Kope lake ndili nalo, m'fayilo momwe muli bulubuku ya galimoto, malisiti a sevisi ndi khadi langa la umembala. Chimene mulibe m'fayilomo ndi yankho.

Nkhani yake ndi ya pikapu yanga yoyera. Ine ndinali kalaliki wa kusitolo ya zipangizo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo mpaka imvi zinadzaza mutu. Pikapu imeneyi ndinayamba kuidziwa idakali ya kampani, ikunyamula sikelo ndi akapitawo kupita nawo kuminda. Itakalamba anaigulitsa pa okushoni, ine n'kuigula, chaka chomwe ndinapuma pantchito.

Injini yake si ya masiku onse. Masilinda ndi anayi, koma mapulagi ndi asanu ndi atatu: silinda iliyonse ili ndi awiri, lina mbali iyi, lina mbali inayo. Petulo akalowa, moto umamugwira mbali ziwiri nthawi imodzi, monga amachitira anthu awiri potentha tchire, wina kumtunda wina kumunsi, kuti lipse msanga. Chimene chimagawa motowo ndi chipangizo chotchedwa disitibyuta, chokhala ndi chivundikiro chotulukamo mawaya opita ku mapulagi onsewo. Nthawi ya sevisi ndinkatulutsa ndekha mapulagi ake m'sitolo, madalaivala n'kumaseka kuti galimoto imeneyi imadya pawiri ngati mwamuna wamitala.

Ndiye liwu lake. Injini wamba ikamalira pamalo imachita ngati ikuganiza kaye isanayankhule. Iyi inkalira mothina, mosalala, ndipo ukaponda moto pankamveka kaliwu kakuthwa pamwamba pake, ngati mpeni wodulira tiyi ukudutsa m'nthambi. Othyola tiyi ankaidziwa isanaonekere. Ikangomveka kuseri kwa mabulugama, madengu ankayamba kutsikira kumsewu, poti sikelo yafika.

Anthu a gulu lija ndinakumana nawo pamalo omwetsera mafuta ku Luchenza. Ndi a ku Blantyre ndi ku Limbe, ena mabwana a m'maofesi, ena amalonda, ndipo Lamlungu limodzi pamwezi amandondozana ndi magalimoto awo akale m'misewu ya m'maesiteti muno. Tsikulo ndinangoti ndiime papampu, mkulu wina wovala kachipewa ka nsalu anathamanga akukupiza manja.

"Madala, musazimitse! Chonde musazimitse! Tatsegulani boneti."

Ndinaganiza kuti galimoto yagwira moto. Nditatsegula, anawerama n'kuyamba kuwerenga mawaya ndi chala.

"Eyiti! Ndinakuuzani ine kuti ndi eyiti! Iwe unkati ndi ekizozi chabe, bwera udzaone."

"Makutu akowo ukanamamvera nawo mkazi wako, bwenzi banja lili pabwino," anamuyankha mnzakeyo, koma naye anabwera.

Anaizungulira ngati nkhuku pamadeya. Ena anayandikiza mafoni awo ku ekizozi kuti ajambule kulira kwake. Wa kachipewa uja anatsinzina, mutu atapendeketsa, n'kumandiuza ndi dzanja kuti ndiponde pang'ono, ndisiye, ndipondenso. Anakangana za liwulo nthawi yaitali: wina ati ndi louma, wina ati ayi, ndi laukhondo, wina ati injini zoterezi zimayankha phazi lisanamalize kufunsa. Kumudzi kwathu anthu ankaitcha chiphapha. Apa panali anthu ovala nsapato zodula akuiweramira. Ndinalowa gulu tsiku lomwelo, ndipo lisiti lake ndinasunga.

M'gulumo munali mkulu wina wogulitsa zitsulo ku Limbe, mwini pikapu yobiriwira ya mtundu womwewu. Penti yake inali yoti munthu n'kudzionerapo nkhope, koma injini inkatsokomola. Chivundikiro cha disitibyuta yake chinali chitang'aluka, anachita kuchimata ndi guluu, ndipo zoterezi m'masitolo a ku Limbe zinasiya kalekale kupezeka.

"Madala, tsiku limene mudzatope nayo, woyamba kumuuza ndikhale ine," anatero akusisita boneti yanga.

"Ndidzayamba kutopa ndine, iyo ayi," ndinawayankha.

Tsopano ndinene za kunyumba, chifukwa nkhaniyi yagona kumeneko. Ndimakhala kwa akazi anga, m'dera la Chimaliro, pamtunda woyang'anizana ndi minda ya esiteti. Ana onse ali m'tauni, tinatsala awiri. Maso a mayiwa anachita ng'ala zaka zapitazi. Tinapita nawo kuchipatala koma sizinathandize kwenikweni, amangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Kumunda anasiya, kumsika anasiya, kutchalitchi amapita ndawagwira dzanja. Kumunsi kwa nyumba yathu kuli kamlatho ka matabwa, ndipo ukangowoloka pali chitunda chofuna giya yachiwiri. Iwo akakhala pakhonde, akusenda nandolo kapena kalongonda, ankandimva pamlathopo. Ankadzuka, n'kugwira waya amene ndinamangirira kuchokera pansanamira ya khonde mpaka pageti, n'kuutsatira pang'onopang'ono. Ine pofika ndinkapeza tcheni atamasula kale.

Sindinawatume ntchito imeneyi. Ndinayesapo kuwaletsa, anandikalipira. Inali ntchito yokhayo ya panja imene inawatsalira, ndipo lamulo analiika okha: geti silitsegulidwa kwa galimoto imene sakuidziwa. Pikapuyo ankaitcha mkazi wanga wamng'ono.

"Ndamumva mkazi mnzangayo akung'ung'udza pamlatho," ankatero ndikamatsika. "Mwamudyetsa koma? Ine sopo watha, koma iye petulo samusowa."

"Iyeyu sandiyankha mwano."

"Chifukwa simunamuuzepo kuti ndiwo zachepa mchere."

Chakumapeto kwa Meyi kilatchi inayamba kuterereka, ndiye ndinakaisiya galimotoyo pagalaja ina ku Luchenza, ya pansi pa mtengo wa mango. Makaniko wake ndi munthu wa manja abwino, wakhala akundikonzera kuyambira kale. Koma pamagalaja athuwa pali chizolowezi chimene aliyense amachidziwa. Galimoto ikagona pagalaja imasanduka nkhokwe. Batire la uyu limalizira galimoto ya uyo, tayala la uyo limaperekeza wina kukapopetsa lake. Amati kubwereka, ndipo kawirikawiri chinthucho chimabwerera mwiniwake asanadziwe. Podziwa zimenezi, ndinalemba papepala jeke, tayala lapadera, batire ndi masipanala, makaniko n'kusaina. Disitibyuta sindinailembe. Munthu ukagoneka m'bale wako kuchipatala umalembetsa bulangete ndi mbale, sulembetsa mtima wake.

Tsiku lokaitenga, nditangoliza, ndinamva kuti china chake chasintha. Liwu linali lonenepa, laulesi.

"Kwayamba kuzizira, madala," anatero makaniko akupukuta manja. "Ikatenthedwa iyera kukhosi."

Sinayere. Pamlatho ndinaika giya yachiwiri, chitunda inakwera mokakamizika ngati yanyamula njerwa. Pageti ndinapeza tcheni chili chimangire. Pakhonde panali lichero la nandolo lokha. Ndinatsika, ndinatsegula ndekha, n'kukapeza chitseko chapiringidzidwa m'kati.

"Ndani?"

"Ndine."

"Mwabwera ndi ndani?"

"Ndili ndekha."

"Nanga galimotoyo ndi ya yani?"

"Yathu yomwe ija."

Anatsegula pang'ono.

"Abambo, ine anafa ndi maso okha. Ngati mwaigulitsa, nenani."

Ndinabwerera kukatsegula boneti. Pamalo pa disitibyuta yanga panali ina yachilendo, ya mawaya anayi. Mbali inayo mapulagi anayi anangoti njo, opanda waya, opanda ntchito.

Kutacha ndinali ku Luchenza. Makaniko atandiona sanathawe, anangondikokera mpando wa minibasi umene amakhalira makasitomala.

"Madala, khalani kaye. Palibe chabedwa."

"Disitibyuta yanga ili kuti?"

"Tinangobwereka. Lamlungu lija anzanu a magalimoto akale anadutsa. Yobiriwira ija inafera pamsewu apa, guluu uja anamatuka. Bwana wake amafuna akafike ku Limbe. Yanu inali pamiyala, giyabokosi ili pansi, sikanapita kulikonse. Ndiye iwo anati, awa ndi anzanga, ndi a m'gulu lathu, sangakane. Anati abweza Lachitatu."

"Lachitatu liti?"

Anakanda kumutu. "Sanatchule."

"Ndiye unandiikira chiyani?"

"Yabwinobwino, madala, yochokera m'galimoto ya ngozi. Inalowa ngati kwawo. Kodi ikuyenda kapena sikuyenda? Mwapindulanso apa, pa sevisi muzingogula mapulagi anayi."

Ndinamuyang'ana mpaka anayang'ana kumbali. Anawaimbira foni bwana aja ine ndili pompo, foni inangoitana. Makaniko ameneyu ndinamukalipira mokwanira, ndipo kuti anandinamiza za kuzizira sindinaiwale. Koma iye anachita zimene amachita tsiku lililonse ndi mabatire ndi matayala, ndipo kwa iye injini ikalira ndiye kuti yachira. Amene ankadziwa bwino chimene akunyamula ndi amene ananyamulayo. Ndi chifukwa chake dandaulo ndinalipititsa ku gulu.

Mlembi anati komiti ikhala pansi. Nditakumbutsa anati wapampando ali ku maliro. Nditakumbutsanso anati nkhani yanga aiika pamndandanda. Makalata onsewo makope ake alipo. Kenako ndinamva kuti ulendo wotsatira akaima ku Bvumbwe, pamene amakonda kugula kabichi ndi chimanga chootcha, ndiye ndinapita komweko.

Ndinawapeza atazungulira pikapu yobiriwira, boneti ili yasa. Mafoni anali ku ekizozi. Wa kachipewa uja anali atatsinzina, mutu atapendeketsa chimodzimodzi.

"Tamvani mmene ikuyimbira! Ase, iyi ndiye yabadwanso. Pondaninso, bwana, pondaninso!"

Ndinaima kumbuyo kwawo n'kumamva liwu la galimoto yanga likutuluka m'galimoto ya munthu wina. Kaliwu kakuthwa kaja kanali pomwepo. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo. Pambali pa disitibyuta panali kadontho ka penti yachikasu. Kadontho kameneko ndinakaika ndine, ndi dzanja langali, masiku amene katundu yense wa kampani tinkamuika chizindikiro.

"Iyi ndi yanga," ndinatero ndikuloza.

Mwini galimotoyo sanakane. Anandigwira paphewa akumwetulira.

"Madala, musatenthe mutu. Ndaitanitsa ina kunja. Ikangofika, yanu ndibweretsa ndekha mpaka pakhomo."

"Ikadzafika yanuyo mudzaike. Yanga ndipatseni lero. Sipanala ndabwera nayo."

Anthu anaseka, poganiza kuti ndikucheza. Nditaitulutsa sipanalayo m'thumba la jekete, kuseka kunachepa. Wapampando wa gulu, bambo wamtali wofatsa poyankhula, analowa pakati pathu.

"Akuluakulu, tisaononge Lamlungu. Tikachotsa apa, anzathuwa abwerera bwanji ku Limbe? Pajatu yanu ikuyenda, madala."

Mawu amenewo ndi amene amandiwawa mpaka lero. Makaniko atawanena ndinawameza. Wakabaza kapena kondakitala wa minibasi akanawanena, ndikanangoseka, chifukwa kwa iwo galimoto ndi chinthu chokufikitsa kumene ukupita. Koma awa ndi anthu amene amawotcha petulo kuchokera ku Limbe kudzatsinzina pa ekizozi. Ndi anthu amene amatha theka la tsiku akukangana ngati liwu la injini ndi louma kapena laukhondo. Ndi omwewa anandiimitsa papampu kuti ndisazimitse. Pa anthu onse a m'dziko muno, awa okha ndi amene sangandiuze kuti pajatu ikuyenda. Liwu likakhala m'galimoto yopaka penti yonyezimira ndi chuma chofunika kuchijambula. Likachoka m'galimoto ya nkhalamba ya kumudzi, ati palibe chatayika.

Wa kachipewa uja anandilondola mpaka pagalimoto yanga. Ndikhulupirira kuti ankafuna kunditonthoza.

"Madala, tsiku lija ku Luchenza ndinajambulatu. Ndili nayo pafoni, ikumveka bwino kwambiri. Ndikutumizireni muzimvera?"

Ndinalowa m'galimoto. Ndinaliza injini, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka.

Kunyumba mayi aja anayesetsa kuphunzira liwu latsopanoli. Anandiuza kuti ndiziliza pabwalo iwo akumvetsera. Koma likufanana ndi la pikapu iliyonse yodutsa kumunsiko, ya ogula nthochi, ya onyamula nkhuni za kufakitale. Tsiku lina anatsegulira geti anthu ogula mapeyala amene anangosokera njira, ndipo atamva mawu achilendo pafupi nawo anachita mantha kwambiri. Kuyambira pamenepo anasiya. Ndinawauza kuti ndiziliza hutala katatu pamlatho. Anati hutala aliyense ali nayo, ndipo iwo si mlonda wa pafakitale woitanidwa ndi belu. Waya uja anayamba kugwira ntchito yoyanikapo zovala. Iwo anasamukira m'nyumba, pampando wa pafupi ndi wailesi, ndipo ndikafika ndimayamba ndaitana kuti asadzidzimuke.

Miyezi inapita, mvula inagwa, tiyi anaphukira, anathyoledwa, mvula inatha. Ndiye Lamlungu lina la mwezi wathawu ndinapita ndi galimoto ku Luchenza kukamufunsanso makaniko ngati wamvako chilichonse. Pochoka ndinawauza mayiwo kumene ndikupita. Sindinadziwe kuti tsiku lomwelo gulu lija lasankha njira yodutsa kumunsi kwathu. Anawoloka kamlatho kathu mondondozana, yobiriwira ija n'kusinthira giya pomwe ndimasinthira ine. Kenako anakhotera njira ya kufakitale n'kumapita.

Ine ndinafika dzuwa litapendeka. Ndili pachitunda ndinaona geti lili lotsegula mbali zonse ziwiri. Mayi aja anali ataima pamenepo, dzanja limodzi pawaya, lina litagwira tcheni. Anali atavala mpango wawo wa kutchalitchi. Nditaima pafupi nawo sanasunthe, mpaka ndinazimitsa injini n'kuwaitana.

"Ndinakumvani pamlatho," anatero. "Ndinati akubwezerani. Kenako munalowera kuti?"

Ndinawafotokozera kuti sindinali ine. Ndinazindikira kuti anali a gulu lija nditaona mmene munadutsa matayala ambiri m'fumbi la pamlatho paja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye kuti mkazi mnzanga uja anakwatiwa kwina," anatero. "Wadutsa pakhomo osapereka ndi moni womwe."

Anafuna kuseka koma sizinatheke. Ndinalowetsa galimoto, iwo anatseka geti okha, anakana kuti ndiwathandize, n'kutsatira waya kubwerera pakhonde. Mapazi anali atatupa ndi kuimirira. Sanandiuze kuti anaima nthawi yaitali bwanji, ndipo sindinafunse.

Ndine munthu wa mapepala, ndipo ndinkakhulupirira kuti chinthu chikalembedwa, n'kusainidwa, chimakhala ndi mwini wake. Bulubuku ikunena kuti galimoto ndi yanga, nambala ya injini ikugwirizana, palibe akutsutsa. Palibenso akutsutsa kuti disitibyuta ndi yanga. Aliyense akuvomera, mwaulemu, akumwetulira, ndipo chinthucho chikadali ku Limbe. Ena andiuza kuti ndipite kupolisi. Sindinapite, chifukwa m'malamulo a gulu lathu, amene kope lake ndili nalo, munalembedwa kuti kusamvana kwa mamembala kuziyamba kwaweruzidwa ndi komiti. Ine malamulowo ndawasunga.

Choncho, kwa inu a wapampando, a mlembi ndi komiti yonse ya gulu lathu, pempho langa ndi ili. Disitibyuta ya kadontho kachikasu ibwezedwe m'galimoto yanga gulu lisanayendenso ulendo wina. Sindikufuna yoitanitsa kunja, sindikufuna zojambula za pafoni. Anzathu a pikapu yobiriwira adikire yawo monga ndadikirira ine, ndipo ya mawaya anayi imene ili kwa ine ndiwabwereka ndi mtima wonse, pajatu nayo imayenda. Ngati pali membala amene akuganizabe kuti palibe chinatayika, magalimoto onse awiri abwere pamlatho wa kwathu masana, akwere chitunda imodziimodzi, akazi anga atakhala pakhonde, komiti ione kuti adzuka pa iti. Ndipo kufikira nkhaniyi itatha, ndikupempha kuti njira ya kumunsi kwathu muisiye, kuti mayiwa asadzaimenso pageti kudikira galimoto ya eni.

Ndikupempha mwaulemu kuti nkhani imeneyi iyankhidwe, ndipo iyankhidwe polemba.